Iyi ndi ya feteleza basi

Mu Okutobala 2023 ndinatumizira amayi ndalama pa foni. Uthenga woti yalowa usanawafike n'komwe, ine ndinali nditaimba kale.

"Amayi, iyi ndi ya feteleza basi. Musaikhudze. Ya sopo ndi mchere ndituma padera mwezi ukatha."

Anayankha kuti, "Ndamva, mwananga. Ambuye akudalitse." Amene anakula ndi mayi wa ku Balaka akudziwa kuti "ndamva" amatanthauza kuti mawu alowa m'khutu, sakutanthauza kuti avomera.

Patapita masabata awiri mlongo wanga anandiululira kuti pakhomo pabwera mbuzi ziwiri zazikazi, ndipo ndalama yotsala inapita kwa mmisiri amene anakhoma malata atatu pamalo pamene pankadontha. Feteleza sanagulidwe ngakhale wa m'mbale. Ndinapsa mtima zedi. Ndinauza mkazi wanga kuti anthu a kumudzi n'chifukwa chake sasintha, kuti ukawapatsa ndalama m'manja sadziwa choyamba ndi chomaliza. Ndinalankhula ndendende ngati bwana wa bungwe amene wabwera pa galimoto yoyera kudzaona pulojekiti.

Ndakumbukira nkhaniyi chifukwa miyezi yapitayi ndakhala ndikuwerenga zimene akatswiri a zachuma apeza pa funso lomwelo limene linandikwiyitsa: kodi munthu wosauka ukangomupatsa ndalama, popanda lamulo, popanda maphunziro a pansi pa mtengo, popanda komiti, chimachitika n'chiyani? Funsoli likuoneka laling'ono, koma lasanduka limodzi mwa mafunso amene afufuzidwa kwambiri pa nkhani za umphawi padziko lonse. Ndipo panopa lafika potentha, poti mayiko olemera ayamba kumanga zikwama. Pa 20 Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja, ndipo pofika Julayi chaka chomwecho USAID inali itatsekedwa. Mu Febuluwale 2025 boma la Britain linalengeza kuti thandizo lake litsika kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.3 peresenti ya chuma cha dzikolo, kuti ndalamazo zipite ku zachitetezo. Mphika ukachepa, mkangano wa kagawidwe umakula. Ndiye aliyense akufuna kudziwa kuti dola imodzi imagwira ntchito kwambiri ikaikidwa pati.

Nkhaniyi sinayambire kuno. Mu 1997 dziko la Mexico linayambitsa ndondomeko yotchedwa Progresa, ndipo mmodzi mwa amene anaiganiza anali katswiri wa zachuma Santiago Levy. M'malo motsitsa mitengo ya chakudya kwa aliyense, boma linayamba kupereka ndalama kwa amayi a m'mabanja osauka, koma pali mfundo: ana azipita kusukulu, ndipo banja lizikaonedwa kuchipatala. Chimene chinapangitsa Progresa kutchuka si ndalamazo ayi, koma momwe inayambira. Poti sakanatha kufikira midzi yonse nthawi imodzi, anachita mayere kuti midzi iti iyambe, iti idikire. Zikatero, midzi yoyamba ndi yodikira imakhala yofanana pa zonse kupatula ndalamazo, ndiye kusiyana kulikonse kumene kwaoneka pambuyo pake ungathe kunena molimba mtima kuti kwadza ndi ndalamazo. Ndi mmene amayesera mankhwala atsopano. Brazil inatsatira ndi Bolsa Família mu 2003, ndipo njira yoyesera ndi mayereyi inafala mpaka mu 2019 Abhijit Banerjee, Esther Duflo ndi Michael Kremer analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha iyo.

Koma panali funso limene Mexico sinayankhe: chimene chikugwira ntchito ndi ndalama kapena ndi lamulo lija? Yankho lake lina linapezeka ku Zomba konkuno, ndipo zimandidabwitsa kuti anthu a ku Washington amaidziwa bwino nkhaniyi kuposa ife eni ake.

M'zaka za 2008 ndi 2009, ofufuza atatu, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler, anagawa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 a m'boma la Zomba m'magulu, mwa mayere omwe aja. Gulu lina linkalandira ndalama mwezi ndi mwezi pokhapokha mtsikanayo akamapezeka m'kalasi masiku osachepera 80 pa masiku 100 aliwonse. Gulu lina linkalandira popanda kufunsidwa kanthu. Lachitatu silinkalandira. Ndalama yake sinali yochuluka: mtsikana ankapatsidwa pakati pa dola imodzi ndi madola 5, makolo ake pakati pa madola 4 ndi 10.

Zotsatira zake sizinakomere mbali imodzi. Pa nkhani ya sukulu, lamulo linapambana: atsikana a m'gulu la lamulo anasiya sukulu ochepa, ndipo anakhoza bwinoko mayeso a Chingelezi. Koma pa nkhani ya mimba ndi maukwati, gulu lopanda lamulo ndi limene linachita bwino, ndipo kusiyanako kunali kwakukulu. Chifukwa chake n'chomvetsa chisoni ukachiganizira. M'gulu la lamulo, mtsikana akangosiya sukulu ndalama inkaduka pompo. Amene wasiya sukulu ndiye amene ali pakamwa pa ng'ona kwambiri, ndipo ndi yemweyo amene lamulo linkamulanda kandalama kamene kakanamuthandiza kukana bambo wa geni wa pa msika. M'gulu linalo, ngakhale wasiya sukulu, ndalama inkabwerabe, ndipo ambiri anazengereza kukwatiwa. Lamulo limathandiza amene angathe kulitsata, n'kutaya amene agwa kale.

Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti pakati pa atsikana a pasukulu amene ankalandira ndalama, opezeka ndi kachilombo ka HIV anali 1.2 peresenti, pamene mwa osalandira anali 3 peresenti. Koma ofufuzawo sanathawe nkhani itakoma. Anabwereranso patatha zaka ziwiri ndalama zitasiya, n'kupeza kuti zambiri mwa zabwino zija zafufutika: mimba ndi maukwati zimene zinachedwa zinangobwera pambuyo pake, ngati madzi amene unawatchinga ndi dzanja. Chimene chinatsala chinali mwa ana amene anabadwa kwa atsikana a gulu lopanda lamulo panthawi imene ndalama inkabwera: anali otalikirapo poyerekeza ndi msinkhu wawo. Thupi la mwana linasunga zimene bajeti inaiwala.

Tsopano tibwere ku mantha anga aja, amenenso ndi mantha a aliyense amene anatumizapo ndalama kumudzi: "akamwera." Mu 2017 David Evans ndi Anna Popova anasonkhanitsa kafukufuku 19 wochokera ku Africa, Asia ndi Latin America kuti aone ngati olandira ndalama amawonjezera kugula mowa ndi fodya. Sanapeze zimenezo. Mwa chiwerengero chonse, ndalama zopita ku mowa ndi fodya zinkatsikako pang'ono. Ine nditawerenga ndinaseka ndekha, chifukwa ndili ndi malume anga amene akanakhala m'kafukufukuyo akanawaonongera masamu. Iwo ndalama iliyonse imene yalowa m'thumba imatulukira kwa mayi wotcheza kachasu. Ndiye sindikunena kuti oledzera kulibe. Koma malume ndi mmodzi, ndipo timawaona chifukwa amaimba pobwerera. Mayi amene wagula ndowa ya chimanga ndi yunifolomu saimba nyimbo mumsewu. Maso athu amawerenga aphokoso, kafukufuku amawerenga onse.

Kafukufuku amene anandigwira mtima kwambiri ndi wa ku Siaya, kumadzulo kwa Kenya, pafupi ndi nyanja ya Victoria. Bungwe la GiveDirectly, limene linayambitsidwa ndi ophunzira a ku mayunivesite a Harvard ndi MIT ku America ndipo limatumiza ndalama pa foni kudzera pa M-Pesa, linapereka pafupifupi madola 1,000 kamodzi kwa mabanja osauka oposa 10,500. Kafukufukuyo anakhudza midzi 653. Ndalama zonsezo pamodzi zinaposa 15 peresenti ya chuma chonse cha deralo. Tangoganizani ndalama yotere itagwa pa Ulongwe kapena pa Phalula. Aliyense amene anagulapo tomato tsiku lolandira malipiro anganene kuti mitengo ingakwere mpaka kudya phindu lonse, ndipo amene sanalandire ndiwo angalire.

Dennis Egger, Johannes Haushofer, Edward Miguel, Paul Niehaus ndi Michael Walker anayendera misika mwezi ndi mwezi kulemba mitengo, ndipo zimene anafalitsa mu 2022 zinali zina. Mitengo inakwera ndi pafupifupi 0.1 peresenti yokha. Mabanja amene sanalandire kanthu nawonso anayamba kugula zambiri, pafupifupi mofanana ndi olandira. Ndipo dola iliyonse imene inalowa inabala ntchito ndi malonda okwana pafupifupi madola awiri ndi theka.

Zimenezi si matsenga. Pitani pa chigayo cha kumudzi Lachiwiri masana. Injini yazima, wogayitsa wagona pa matumba, akudikira munthu. Telala ali pakhonde, makina ali phee. Wa kabaza wayedzamira njinga pansi pa mtengo wa mango. Anthu onsewa ali ndi zida ndi luso, chimene akusowa ndi kasitomala. Ndalama ikalowa m'mudzi, chigayo chimalira maola asanu ndi limodzi m'malo mwa awiri, popanda kugula injini ina kapena kulemba munthu wina. N'chifukwa chake mtengo sukwera. Wa chigayo uja akapeza, amakametetsa, amakagula nsomba, amalemba aganyu. Ife timazolowera kunena kuti kumudzi kulibe ntchito chifukwa anthu alibe maluso, kenaka timawaitanira ku semina. Ofufuzawa akusonyeza kuti nthawi zambiri maluso alipo, angokhala pansi kudikira wogula.

Mu 2025 ena mwa ofufuza omwewo, pamodzi ndi anzawo ena, anatulutsa zotsatira zina za m'midzi yomweyo, ndipo izi ndiye zinandikhalitsa chete. M'mabanja amene analandira ndalama, imfa za makanda osakwana chaka zinatsika ndi 48 peresenti. Palibe amene anawauza kuti ndalamayo ndi ya chipatala. Amayi oyembekezera anangopeza ya thiransipoti yokachirira kuchipatala, anadya bwino, ndipo anapuma ku ntchito zolemetsa miyezi yomaliza. Koma pali mfundo ziwiri zimene okonda kuchemerera amalumpha. Phindulo linali lalikulu kwa amene ankakhala kufupi ndi chipatala chokhala ndi dokotala. Ndipo ndalama zitatha, imfa zinabwerera pafupifupi pamene zinali. Ndalama inagula ulendo wopita kuchipatala. Chipatalacho inachipeza chilipo kale, chomangidwa ndi ena.

Pali mkangano wina umene ukundisangalatsa chifukwa amayi a banki mkhonde anauthetsa kalekale. Kodi bwino n'chiti: kupereka pang'onopang'ono mwezi uliwonse, kapena kupereka yochuluka kamodzi? Ku Kenya komweko kuli kafukufuku wamkulu amene Banerjee, Tavneet Suri ndi anzawo akuyendetsa. Midzi ina akuluakulu onse akulandira pafupifupi masenti 75 a dola patsiku kwa zaka 12. Ina analandira yomweyo kwa zaka ziwiri zokha. Ina anapatsidwa pafupifupi madola 500 kamodzi, yofanana ndi ya zaka ziwiri ija itaphatikizidwa. Zotsatira zoyamba, zimene zinatuluka kumapeto kwa 2023, zinasonyeza kuti olandira kamodzi anatsegula mabizinesi ambiri ndi kupeza zambiri kuposa olandira pang'onopang'ono kwa zaka ziwiri. Anthu sanasiye kugwira ntchito. Ambiri anangochoka pa ganyu n'kuyamba zawozawo. Ndipo a zaka 12 aja anachita chimene mayi aliyense wa ku Ndirande akanachita: analowa chiperegani, kuti tindalama ta mwezi ndi mwezi tisanduke mtolo umodzi wogulira chinthu chooneka. Ndalama ya apo ndi apo imathera mu ndiwo. Malata sagulidwa theka.

Ku Bangladesh, ofufuza a ku London School of Economics anatsatira kwa zaka zambiri amayi osaukitsitsa amene bungwe la BRAC linawapatsa ng'ombe, n'kupeza kuti pali mzere. Amene katundu wawo anadutsa mzerewo anapitiriza kukwera okha, amene anatsalira pansi pake anabwerera kumene anachokera. Kupatsa munthu theka la mlatho n'chimodzimodzi osamupatsa. Njira ya BRAC imeneyi, yopereka chiweto, kandalama ka chakudya ndi mlangizi, inayesedwanso m'mayiko asanu ndi limodzi, Ethiopia, Ghana, Honduras, India, Pakistan ndi Peru, ndipo zotsatira zinafalitsidwa mu 2015. Inayenda bwino pafupifupi konse kupatula ku Honduras, kumene nkhuku zambiri zimene anthu anapatsidwa zinafa ndi matenda. Aliyense amene anaonapo chitopa chikusesa khola akumvetsa.

Musaganize kuti nkhani yonse ndi yokoma. Kumpoto kwa Uganda, boma linapereka pafupifupi madola 400 kwa wachinyamata aliyense m'magulu ofuna kuphunzira ntchito zamanja ndi kugula zida. Patatha zaka zinayi, Christopher Blattman ndi anzake anapeza kuti olandira ankapeza 38 peresenti kuposa anzawo. Patatha zaka zisanu ndi zinayi kusiyanako kunali kutatha. Sikuti olandira anagwa, koma anzawo aja anawapeza pang'onopang'ono. Ndalama inawafulumizitsa ulendo, koma onse anakafika pa siteji imodzi, chifukwa msewu wake unali womwewo. Ku mayiko olemera nkhani ndi inanso. Finland inayesa kupereka mayuro 560 pamwezi kwa anthu 2,000 osowa ntchito mu 2017 ndi 2018: anthu anakhala ndi mtendere wa mumtima, koma pa ntchito sipanasinthe zambiri. Ku America, m'zigawo za Illinois ndi Texas, anthu 1,000 analandira madola 1,000 pamwezi kwa zaka zitatu, ndipo zotsatira za mu 2024 zinasonyeza kuti anachepetsa ntchito ndi ola limodzi ndi kanthu pa sabata. Kumeneko munthu sasowa mpamba wogulira makina osokera kuti ayambe moyo. Mankhwala omwewo, matenda ena.

Apa ndi pamene ndimayamba kumvetsera anthu otsutsa. Katswiri wa zachuma Angus Deaton, amene analandira Nobel mu 2015, wakhala akuchenjeza kuti chimene chagwira ntchito m'midzi ya dziko lina sichikuuza kuti chidzagwira kwanu, ngati sukudziwa chifukwa chimene chinagwirira. Katswiri wina wa zachuma, Lant Pritchett, amapita patali. Iye amati palibe dziko limene linachoka mu umphawi chifukwa cha mapulojekiti, ngakhale oyesedwa bwino chotani. China inatulutsa anthu pafupifupi 800 miliyoni mu umphawi wadzaoneni m'zaka makumi anayi, ndipo sizinachitike ndi mayere a midzi. Zinachitika ndi kusintha kwa ulimi, mafakitale, misewu, magetsi, madoko ndi anthu kusamukira kumene kuli ntchito. Mphoto ya Nobel ya 2024 inapita kwa Daron Acemoglu, Simon Johnson ndi James Robinson, amene mfundo yawo ndi yoti chimene chimalemeretsa kapena kusaukitsa dziko ndi malamulo ake ndi kayendetsedwe kake: ndani ali ndi mphamvu, ndipo ndani angamuletse akayamba kudya yekha.

Ine ndikuona kuti mbali ziwirizi zikuyankha mafunso osiyana, ndipo ife kuno timapweteka tikawasakaniza. Funso loti "kodi amayi anga angathe kusankha bwino chochita ndi ndalama?" layankhidwa, ndipo yankho ndi inde, kuposa ine. Funso loti "kodi ndalamayo ikafika m'manja mwawo ipeza dziko lotani?" silingayankhidwe ndi GiveDirectly.

Taonani zimene zinachitika ndi ndalama yanga ija. Ndinatumiza mu Okutobala. Mu Novembala 2023 Reserve Bank inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola imene inali pafupifupi K1,180 n'kufika cha m'ma K1,700. Apa n'kuti mu Meyi 2022 itagwa kale ndi 25 peresenti. Patangopita masiku ochepa kwacha itagwa mu Novembala muja, IMF inavomereza ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni, ndondomeko imene inadzafera panjira mu Meyi 2025. Amayi akanamvera lamulo langa, n'kusunga ndalama pa foni kudikira kuti feteleza wotsika mtengo afike ku depoti, ikanasungunuka ali chiyang'anire. Ndipo akanagula feteleza n'kuthira, dzuwa la El Niño limene linawamba chimanga kumayambiriro kwa 2024 likanamudya yense. Mu Malichi chaka chimenecho boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Kwathu chimanga chinafota chisanamasule. Mbuzi zija zinadya zitsamba, imodzi inaswa, ndipo m'miyezi ya njala amayi anagulitsa ina n'kugula chimanga.

Sindikunena kuti amayi analosera za kwacha kapena za nyengo. Sawerenga malipoti a Reserve Bank. Koma akhala zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi m'dera limene mvula imanama kawirikawiri, ndipo aona ndalama ya pepala ikuchepa mphamvu kuyambira nthawi ya Kamuzu. Akudziwa kuti mbuzi ndi banki imene siidyedwa ndi kugwa kwa kwacha, ndipo kuti denga lodontha limaononga ufa umene uli kale m'nyumba. Ine ndinali ndi digiri ndi foni yamakono. Iwo anali ndi chidziwitso cha malowo. Ndipo ndikavomereze, chaka china mvula ikanagwa bwino, ine ndikanakhala wolondola, ndipo nkhani ino sindikanailemba.

Koma kugwa kwa kwacha komweko kukundipatsa chikaiko pa nkhani ya ku Siaya ija ikabwera kuno. Kumeneko mitengo sinakwere chifukwa zambiri zimene anthu anafuna zinali zoti deralo likanatha kupereka, kapena kubweretsa mosavuta kuchokera ku Kisumu ndi Nairobi. Kuno, munthu akalandira ndalama amafuna malata, simenti, njinga, foni, sola, feteleza. Zambiri mwa izi, kapena zipangizo zake, zimalowa m'dziko ndi madola, pa malole oyenda ndi dizilo wogulidwa ndi madola, kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Ndalama ikachokera kunja, monga ya GiveDirectly, imabwera ndi madola ake, ndiye vuto limachepa. Koma boma lathu litati lichite zomwezo ndi ndalama yokongola m'mabanki a m'dziko muno kapena yosindikiza, tingangowonjezera anthu pa mzere wa mafuta. Chigayo chogona chija chimadzuka pokhapokha dizilo alipo. M'zaka zimene mitengo yakhala ikukwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka, kandalama ka mwezi ndi mwezi kamafika kataonda kale.

Ndipo tili nayo kale ndondomeko yathu. Mtukula Pakhomo anayambira ku Mchinji mu 2006, kutsatira zimene anzathu a ku Zambia anayesa ku Kalomo kuyambira 2003, ndipo lero ali m'maboma onse. Amalunjika mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito: agogo olera ana amasiye, olumala, odwala nthawi yaitali. Ofufuza a Transfer Project, motsogozedwa ndi Sudhanshu Handa, anapeza ku Zambia kuti pa kwacha iliyonse imene mabanja otere analandira, zimene anagula ndi kusunga zinakwera ndi pafupifupi 1.67, kutanthauza kuti ngakhale agogo amene timati sangathe kanthu ankaika ndalamayo mu mbewu, nkhuku ndi tigeni. Chimene chimandidetsa nkhawa n'choti mbali yaikulu ya ndalama za Mtukula Pakhomo imachokera kwa abwenzi akunja, monga World Bank, Germany, European Union ndi Ireland. Pamene ndalama zathuzathu za misonkho, kwa zaka zambiri, zakhala zikuthiridwa mu feteleza wotsika mtengo, kuyambira makuponi a nthawi ya Bingu mu 2005 mpaka AIP ya mu 2020, pamene thumba linkagulidwa K4,495. Kunena kwina, dziko lonse lakhala likuimbira amayi anga foni yomwe ija: iyi ndi ya feteleza basi.

Sindikunyoza feteleza. Nthaka yathu yatopa, ndipo munthu amene anaona njala ya 2002 sangaseke ndondomeko imene inadzaza nkhokwe. Koma kuponi imaganiza kuti vuto la mlimi aliyense, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, ndi limodzi, ndipo yankho lake ndi matumba awiri ndi chimanga. N'chifukwa chake chaka chilichonse timamva za anthu ogulitsa makuponi kwa mavenda, ndipo timawatcha osayamika. Munthu amene wagulitsa kuponi pa mtengo wolira akutiuza kanthu: kuti lero ali ndi vuto lina loposa feteleza, ndipo walolera kuluza kuti asandutse mphatso yathu kukhala ndalama. Phindu limene waluzalo lapita kwa venda. Tikanangomupatsa ndalamayo poyamba, venda akanadya chiyani?

Chifukwa chimene andale amakondera thumba kuposa ndalama n'chosavuta kuchiona. Thumba limajambulika. Ungaime pambali pake pa msonkhano, ungalikweze pa mutu wa gogo kamera ikuona. Ndiponso kugula matumba zikwi mazanamazana kumafuna makontirakiti, malole ndi nyumba zosungiramo, ndipo ponseponse pamene padutsa katundu pamatsala kanthu m'zala za wina. Ndalama yopita pa foni ya gogo mwachindunji ilibe mwambo wotsegulira. Nayonso ili ndi mabala ake, sindikubisa: mayina a anthu oti kulibe, mafumu olembetsa abale awo, ma ejenti odula kangachepe, midzi yopanda netiweki, ndi chidani chimene chimabuka pamene nyumba iyi yalembedwa, yoyandikana nayo yosauka chimodzimodzi yasiyidwa. Ndinamvapo kwathu anthu akukana kulembetsa thandizo poopa kuti ndi ndalama za satana, kuti munthu sangakupatse chinthu chaulere popanda kudzafuna magazi. Osawaseka. Moyo unawaphunzitsa kuti chaulere chimakhala ndi mchira.

Chimene ndatolapo ine n'chochepa kuposa zimene ofufuzawa analemba. Ndasiya kukhulupirira kuti umphawi wa kwathu umayamba ndi kuganiza molakwika kwa osauka, maganizo amene timawakonda ife a m'tauni chifukwa amatipatsa udindo wa uphunzitsi. Ndayamba kuona kuti mafunso ovuta ali kumtunda kuno, kwa ife ovala mataye: chifukwa chiyani chipatala chilibe dokotala, chifukwa chiyani tikugulitsabe kunja fodya yemweyo amene agogo athu ankagulitsa, chifukwa chiyani dola ili ndi mitengo iwiri, wa ku banki ndi wa kuseri. Zimenezi palibe mayere a midzi amene angaziyeze, chifukwa dziko ndi limodzi, sungaligawe pawiri kuti theka lidikire.

Sabata yatha ndinatumizanso ndalama. Sindinaimbe. Madzulo amayi anaflasha, ndipo nditaimba anafunsa:

"Mwananga, ndaona uthenga. Nanga iyi ndi ya chiyani?"

"Ndi yanu, amayi. Muone nokha."

Anakhala chete pang'ono, ngati akuganiza kuti mwina ndadwala. Kenaka anati ayamba adikira kaye, chifukwa ejenti wa pa sitolo paja akuti alibe ndalama yokwanira, mpaka Lachisanu tsiku la msika. Anawonjezera kuti mwana wa mbuzi uja wayamba kutsokomola, ndipo anandifunsa ngati m'tauni muno mankhwala ake akupezeka, poti kwa alangizi anapitako kawiri osawapeza.